Tchizi wa Nives Patebulo la Eni

Mutu 6

1. A Gelindo atiletsa

Munthu woyamba kuona kuti m'basi mukulowa tchizi anali a Gelindo, nkhalamba imene imaliza belu la tchalitchi chathu. Iwo sankapita nawo ku Bari, mzinda wa kunyanja kummwera kumene kwaya yathu inkapita kukayimba Misa. Anangobwera kudzatiperekeza, atatsamira ndodo yawo pafupi ndi chitseko cha basi.

"Ermes, chimene wakulunga m'nsalucho n'chiyani?"

Amalume Ermes, amene amatsogolera kwaya yathu, ananyamula mtolowo m'mwamba kuti aliyense aone. "Ndi tchizi, madala. Woyamba kuumba Nives ndi manja ake. Anthu a kunyanja akaone kuti kumapiri kuno timadya."

Nives ndi mng'ono wanga. Chaka chino wangoyamba kumene kuthandiza bambo athu kukhola la kuphiri, ndipo tchizi ameneyu ankamunyadira ngati mwana wobereka yekha. Atamva dzina lake anaweramitsa mutu uku akumwetulira.

A Gelindo anagogoda pansi ndi ndodo.

"Tsitsani ameneyo. Ine kummwera ndinakhalako ndili mnyamata, tikukonza njanji. Anthu ake ndi aphokoso koma mitima yawo ndi yabwino. Ukawaseka kalankhulidwe, aseka nawe. Ukawanena kuti amayendetsa galimoto ngati amisala, avomera. Koma mbale imene mayi wa kumeneko waika pamaso pako usaikonze. Ilawe kaye mmene yabwerera, chifukwa mbale ija ndi nkhope yake. Kwa eni kulibe mkuwe, ana inu. Ndimakudziwani anthu a kwathu kuno, ngakhale m'madzi akumwa mukhoza kuwazamo tchizi. Musiyeni, ndikusungirani kunyumba."

"Mukufuna mutsale mukudya nokha!" anakuwa Mayi Wilma, amene mawu awo amamveka kuposa a kwaya yonse.

Basi yonse inaphulika kuseka. Ine sindinaseke. Ndinali ndikufufuza m'chikwama kuti ndione ngati ndatenga chipewa cha mwana wanga Tobia, mankhwala a malungo ndi masokosi ena. Pamene ndinkadzutsa mutu, tchizi anali atakhala kale pampando wakewake pambali pa amalume, ndipo a Gelindo anali atatsala m'mbuyo akupukusa mutu.

2. Mzinda wa miyala yoyera

Tinayenda tsiku lathunthu. Tinafika Lachinayi dzuwa litapendeka, miyendo itatupa, Tobia atandisanzira paphewa. Koma Lachisanu m'mawa kutopa konse kunaiwalika.

Bambo Tarcisio, wansembe wathu, ankayenda patsogolo atakweza ambulera yotseka kuti tisawasowe. Anatilowetsa m'tinjira ta mzinda wakale, topapatiza moti zovala zoyanika zimachoka pawindo la uyu kukafika pawindo la mnzake. Ine ndinagwira Tobia padzanja mpaka analira. Njinga zamoto zinkangotulukira pangodya popanda chenjezo.

"Achemwali, m'masuleni mwanayo, magazi aziyenda," anatero Nives.

"Iwe uziyenda kumbali ya khoma. Chikwama uike kutsogolo."

Tinatsikira pansi pa tchalitchi cha Nikolasi Woyera, kumene kuli manda ake. Kunali kozizira bwino, kukununkha makandulo. Amayi ena ochokera kutali, ovala mipango, ankayimba chapansipansi m'chinenero chawo. Amalume Ermes, amene sakhala chete ngakhale pamaliro, anavula chisoti n'kumangomvetsera.

Potuluka tinagula buledi wathyathyathya wa matimati ndi maolivi, wotentha, mafuta akutsika m'mikono. Tinadyera choimirira. Mayi Wilma anadzithimbirira bulauzi yatsopano, n'kunena kuti saichapa mpaka anthu a kwathu aione.

Kenako tinafika mumsewu umene amayi amakhala pakhomo n'kumaumba pathabwa pasita wa timakutu, chakudya cha ufa wa tirigu. Mpeni umangoti psi, chala chachikulu n'kutembenuza, kakhutu n'kugwa. Nives anaima pamenepo osasuntha. Mayi wina anamupatsa mpeni kuti ayese. Koyamba kanatuluka ngati mbozi, kachiwiri ngati batani. Msewu wonse unamuseka, iyenso akuseka, mpaka kena kanatuluka kooneka ngati khutu ndithu ndipo anamuwombera m'manja.

Ndinamuyang'ana mng'ono wanga ali ndi ufa pamphuno. Kwathu salankhula ndi alendo. Kuno anali atasanduka munthu wina.

3. Kwa Mayi Porzia

Bambo Tarcisio anali atapangana ndi Mayi Porzia kuti masana onse tizidyera kwawo. Malo awo odyera ndi aang'ono, ali kuseri kwa tchalitchi china, ndipo gulu lathu likalowa sipatsala mpando. Iwo ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba, amene amaphika okha. Amuna awo, a Onofrio, ndi msodzi ndipo masana amathandiza kunyamula mbale.

Lachisanu anatipatsa timakutu ta msuzi wa matimati, kenako nyama yokulungakulunga yophikira mumsuzi womwewo. Tobia, amene kunyumba amalavula chilichonse chofiira, anatha mbale yake n'kuyamba kulanda yanga.

"Musiyeni adye, mwana wangayu," anatero Mayi Porzia akum'tsina tsaya. "Inuyo mayi ake ndinu amene mwaonda. Mumadya nkhawa?"

Asanabwerere kukhitchini anatiuza za Lamlungu, tsiku lathu lotsiriza.

"Mukakayimba Misa mudzabwere molunjika kuno. Ndidzakuphikirani mpunga wa mbatata ndi nkhono zakuda za m'nyanja, wowotcha mu uvuni m'mbale yadothi. Sindiphikira aliyense umenewu. Ndimaphikira abale ndi anthu amene ndawakonda."

Kuyambira pamenepo nkhani inali ya mpunga wa Lamlungu basi. Tili pamwamba pa linga lakale, anthu ankakamba za mpunga. Tili pagombe tikudya ayisikilimu, mpunga. Mayi Wilma anaimbira foni mpongozi wawo kungoti amuuze zimene adzaphonye.

Loweruka masana, titatopa ndi kuzungulira msika, tinakhalanso pamatebulo athu. Ndinaona kuti amalume abwera ndi chikwama chimene m'mawa analibe. Anachiika pansi pakati pa miyendo yawo.

A Onofrio anabweretsa supageti wa nkhono zakuda. Fungo la nyanja, adyo ndi mafuta a maolivi linadzaza chipinda chonse. Aliyense anayang'ana m'mbale mwake, kenako anayang'ana patebulo. Panalibe kambale ka tchizi.

"Aiwala," ananong'ona Mayi Wilma.

"Sanaiwale, alibe," anatero amalume. "Osauka inu, musadandaule. Ermes anaganiziratu."

Anatulutsa tchizi wa Nives, ndi chopalira chimene anachokera nacho kunyumba. Anthu anawomba m'manja. Bambo Tarcisio anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma amalume anali atayamba kale kuzungulira, akupalira mbale iliyonse mpaka nkhono zitakwiririka ngati denga m'nyengo ya chipale chofewa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atalawa.

4. Dzanja pamwamba pa mbale

Yanga anaipaliranso. Ndinali ndikupukuta Tobia pakamwa, ndipo kunena zoona sindikanawaletsa.

Atafika pa Nives anaima, n'kukweza mawu.

"Mwini wake uyu! Kwa iyeyu tithira mowirikiza."

Nives anaika dzanja lake pamwamba pa mbale.

"Ayi amalume, zikomo. Ndiyambe ndalawa."

"Ulawe chiyani? Madzi a mchere?"

"Ndilawe zimene atiphikira."

Patebulo panayamba kung'ung'udza. Mnyamata wina wa mawu a besi anati masiku awiri okha mtsikana waiwala kale kwawo. Mayi Wilma anati mwina wapeza chibwenzi cha msodzi. Anthu anaseka, koma amalume sanaseke.

"Nives, uyu ndi tchizi wako. Mkaka unakama wekha, kuzizira kukukuluma zala. Lero ukuchita naye manyazi pamaso pa anthu a kwanu?"

Ndinamugunda mwendo pansi pa tebulo. "Chotsa dzanjalo, nkhani ithe," ndinanong'ona. Khosi lake linali litafiira, koma dzanja silinasunthe. Ndi dzanja linalo anatenga foloko, anakulunga supageti n'kuika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Ndi wokoma, amalume," anatero. "Safuna kanthu."

Nthawi yomweyo chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Mayi Porzia anatuluka akupukuta manja, akumwetulira, kudzafunsa ngati chakudya chatikomera. Anayang'ana mbale yoyamba, yachiwiri, mpaka kumapeto kwa tebulo. Anayang'ananso chopalira m'manja mwa amalume. Kumwetulira kuja kunazimiririka.

Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Nkhono zimenezi ndazitsuka imodziimodzi kuyambira m'mawa," anatero. "Mukanalawa n'kunena kuti mchere wachepa, ndikanapepesa. Mukanati sitidya za m'nyanja, ndikanakukazingirani mazira. Koma inu mwabwera ndi chakudya chanu m'nyumba mwanga, ngati kuti mukupita kwa munthu amene sadziwa kudyetsa alendo. Idyani, ndi zanu. Koma mawa mukafune kwina. Mpunga wanga sindiphikira anthu amene amakwirira chakudya asanachione nkhope."

Anabwerera kukhitchini. A Onofrio anatambasula manja, n'kuwatsatira.

Tinadya mwakachetechete. Nkhono ndi tchizi zinkamenyana m'kamwa, palibe chimene chinkamveka bwino. Amalume anayesa nthabwala imodzi, koma inagwa pansi yokha.

5. Kukhitchini

Anthu atayamba kutuluka, Nives anakulunga tchizi wotsala m'nsalu n'kulunjika kukhitchini. Ndinanyamula Tobia n'kumutsatira. Kukhitchini kumakhala mipeni ndi mafuta otentha, ndipo mayi wokwiya sadziwika.

Tinapeza Mayi Porzia akukwecha mphika mwamphamvu.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa," anatero Nives. "Tchizi uja ndi wanga. Ndinaumba ndine."

"Iwe ndiwe unaphimba mbale?" anafunsa osatembenuka. "Onofrio wandiuza. Nanga upepesa chiyani?"

"Ndinamva nkhalamba ya kwathu itatiletsa tisananyamuke. Koma ndinakondwa kuti anthu akamuona, ndiye ndinangokhala chete."

Mayi Porzia anasiya mphika. Anatambasula dzanja, Nives n'kuwapatsa mtolo uja. Anadula kachidutswa, ananunkhiza, anaika palilime n'kutseka maso. Anadulanso kena n'kupatsa amuna awo.

"Ng'ombe zimenezi zimadya maluwa," anatero a Onofrio.

"Khala chete iwe, palibe wakufunsa." Anatembenukira kwa Nives. "Tchizi wako alibe mlandu, mwanawe. Ndi wabwino. Mukanandipatsa pakhomo tsiku loyamba, ndikanamuika pakati pa tebulo pamapeto a chakudya, ndi mapeyala ndi uchi, ndipo ndikanaitana anansi kuti adzalawe. Ngakhale mumpunga wa Lamlungu ndimathiramo tchizi pang'ono. Koma wothira ndi wophika, osati mlendo. Mphatso imalowera pakhomo, siitulukira pansi pa tebulo. Ukadzakhala ndi khitchini yako udzamvetsa. Munthu akadzathira shuga mu tchizi wako asanalawe, udzandikumbukira."

"Ndamva, amayi. Nanga za mawa? M'gulu lathu muli nkhalamba zimene sizidzabweranso kuno. Zakhala zikuyembekezera mpunga umenewu."

"Ndanena kale."

"Palibe chimene ndingachite?"

Mayi Porzia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makamaka manja.

"Nkhono za mpunga sitiwiritsa. Timazitsegula zili zamoyo, ndi kampeni, ndipo za gulu lonseli ndi thumba lathunthu. Zimacheka zala. Ngati mmodzi wa inu apita ndi Onofrio kudoko kusanache, akanyamule thumbalo yekha, abwere akhale apa azitsuke ndi kuzitsegula mpaka zithe, ndiphika. Adziwe kuti chimene anakwirira chija chimachokera kuti. Koma ndikufuna wa chopalira uja."

Amalume Ermes titawauza panja, anayang'ana kumwamba.

"Ine mawa ndikutsogolera Misa. Mphepo ya m'mawa imanditsekera mawu. Komanso munthu wamkulu ngati ine ndikakhale pachitini ndikupala nkhono chifukwa cha mayi wokwiya? Malo odyera ndi ambiri mumzinda muno."

Tinanyamuka kubwerera kuhotela kumene tinkagona.

6. Boti la buluu

Madzulo, dzuwa lisanalowe, tinapita kukayenda m'mbali mwa nyanja monga amachitira eni mzinda. Mabanja onse anali panja, ana akuthamangitsana, nkhalamba zikusewera makadi pamatebulo opinda. Mayi wina ankakazinga zidutswa za polenta, nsima yachikasu ya chimanga, pangodya, n'kumagulitsa m'timapepala. Anthu athu anathamangirako ngati aona m'bale wawo.

"Taonani, amadya zakwathu!" anatero Mayi Wilma. "Ermes, bwera udzapalire!"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo amalume nawonso anaseka pang'ono, akuyang'ana kumbali. Mitima inayamba kumasuka. Bambo Tarcisio anati mawa tikhoza kungogula buledi uja n'kudyera m'basi, si imfa ayi. Koma mayi wina wokalamba wa m'kwaya, amene aka kanali koyamba kuona nyanja, anandifunsa motsitsa ngati n'zoona kuti mpunga uja kulibe.

Nives anamva. Anali atakhala pakhoma la gombe, miyendo ikulendewera kumadzi.

"Tsika pamenepo," ndinatero. "Khala mbali ino."

Anatembenuka, koma sanatsike.

"Achemwali, kudoko kuja ndipita ine."

"Mayi Porzia anena kuti akufuna amalume."

"Ndabwererako kukhitchini kwawo muja inu mumasintha Tobia thewera. Ndawauza kuti tchizi ndi wanga, ndiye zala zochekeka zikhalenso zanga. Anaseka, n'kuti mtsikana wa kumapiri sangathe theka la thumba. Koma avomera."

"Ndiye uyende mumdima mumzinda wa eni? Ndi bambo amene tam'dziwa dzulo? Misa nanga?"

"Kukhola ndimadzuka nthawi yomweyo. Misa ndiipeza, ngakhale ndikununkha nsomba. Mayi Porzia akuti adzandidikira pakhomo ndi khofi."

Ndinali ndikusakasaka chifukwa china pamene tinamva mluzu. Pansi pa khoma, pamene pamakocheza maboti ang'onoang'ono, a Onofrio ankakoka chingwe. Anatikodola.

"Ndiwe wa mawa uja? Uvale juzi, kunyanja kumazizira."

"Kudoko, mukutanthauza," ndinatero ine.

"Kudoko pobwerera, mayi. Thumba la nkhono limafika dzuwa likamatuluka. Tisanalitenge ndimayamba ndakavuula misampha yanga uko." Analoza kutali, kumene madzi anali atayamba kuda. Kenako anamenya m'mbali mwa boti lake la buluu, laling'ono ngati chomwera ng'ombe cha kwathu. "Umatha kusambira, mtsikana?"

"Ayi," anatero Nives.

"Palibe kanthu. Ndikuveka chovala choyandamitsa, ukhale pakati, usaimirire. Mphepo ikakula tibwerera."

Ndinam'fungatira Tobia mpaka anadandaula. Ndinayang'ana boti, ndinayang'ana madzi amene ankalikankhira kukhoma. Kwathu madzi akuya kwambiri amafika m'mawondo.

"Nives, za boti sanakuuze. Ukakana tsopano palibe angakunene."

Ndinaona kuti nayenso akuyang'ana madzi aja. Kumbuyo kwathu anthu a kwaya anali atayamba kuyimba nyimbo ya kumapiri, pakamwa pali mafuta a polenta, ana a mumzinda atawazungulira.

Nives anatsika pakhoma paja, n'kuwerama kuti a Onofrio amumve bwino.

"Mudzandipeza pakhomo la hotela, bambo. Musagogode, mungadzutse mwana."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, juzi yanga ndi yopyapyala. Mundibwereke yanu ija yaubweya?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane. M'malo mwake ndinamva mawu anga akunena kuti ili pansi pa chikwama, ndipo tsitsi alimange kumbuyo lisakodwe m'zingwe.